Yankho Limene a Telala Anabisa Kuseri kwa Galasi

Nkhani iyi anandiuza ndi mkulu wina wokonza maambulera. Tinakumana pakhonde la sitolo mvula itatitsekereza, ine ndikudikira basi imene sinabwere, iye akusoka ambulera imene mwini wake anaiiwala kalekale. Ine miyendo yangayi siidziwa kukhala pansi, ndipo m'maulendo mwanga ndatola nkhani zambiri, zina zabodza, zina zoona pang'ono. Iyi mkuluyo anati anaiona ndi maso ake, poti naye ankaswali mumzikiti umene izi zinachitikira.

Akuti mkangano unali utapsa kale pamene a Telala anamenya desiki ndi chikhatho.

"Ine ndikadali wapampando wa komiti ya mzikiti uno, mkazi sakhala mkulu wa madrasa. Ndatha!"

"Mwatha bwanji, alamu, ife tisanayambe n'komwe?" anafunsa Wabutchala, mchimwene wa akazi awo.

Linali Loweruka, swala yamasana itangotha. Azibambo anakhala m'kalasi pa timabenchi ta ana, mawondo ali pachifuwa. Azimayi anali kuseri kwa katani yobiriwira imene inagawa chipindacho pakati, katani imene a Telala anasoka ndi manja awo. Nkhani inali imodzi yokha. Shehe, amene anatsogolera madrasa, sukulu yachipembedzo ya ana, zaka makumi atatu, anali atafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa patapotoka, mawu osatuluka. Panafunika wina woti atenge mpando wawo, aziyang'anira aphunzitsi anayi aamuna, ndiponso asunge kiyi wa bokosi la mafunso. Azimayi anali atatchula mwana wa Shehe yemweyo, mayi wamasiye amene ankaphunzitsa tiana zilembo. Aliyense ankangomutcha Aphunzitsi.

"Ine sukulu sindinapite nayo patali," anatero Wabutchala, "koma ndimamva kuti Bibi Khadija, mkazi woyamba wa Mtumiki, anali ndi malonda akeake, ndipo Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, asanalandire uthenga anayendetsapo katundu wa mayiwo. Ndiye pamenepo bwana anali ndani?"

"Amenewo ndi malonda, si utsogoleri. Inu chilichonse mumachiona ngati nyama ya pasikelo."

"Chabwino, tikambe za sikelo yomweyo," mayi wina anaponya mawu kuchokera kuseri kwa katani. "Nanga mayi uja anapatsidwa kuyang'anira msika wa ku Madina?"

Onse anatembenukira kwa Ustazi, bambo wachinyamata amene anali atangobwera kumene kuchokera kumaphunziro akunja, ndevu zikadali zochepa kuposa mabuku.

"Dzina lake anali Shifa," anatero Ustazi. "Zimanenedwa kuti Khalifa wachiwiri, mtsogoleri wa Asilamu nthawiyo, anam'patsa ntchito ina pamsika. Akatswiri ena amaivomera nkhaniyi, ena amaikayikira. Ndinganame nditati ndi yolimba kwambiri."

"Mwamva? Amaikayikira!" anakuwa a Telala.

"Koma pali chimene sakayikira aliyense, bambo. Amuna akuluakulu amene anayenda ndi Mtumiki ankapita kwa mkazi wake, Bibi Aisha, kukafunsa malamulo akasowa poyambira. Ankaima kunja kwa katani ngati yomweyi."

"Ankawafunsa zimene anamva m'nyumba, basi. Nanga atatuluka kuseri kwa katani n'kukwera ngamila kuti atsogolere anthu kunkhondo, chinachitika n'chiyani? Anafa angati tsiku lija? Nenani, Ustazi, poti inu mumakonda zoona."

Ustazi anayang'ana pansi. "Ambiri. Ndipo zimanenedwa kuti mayi athuwo ankalira akakumbukira."

A Telala anakonza chipewa chawo ngati munthu amene wapambana. Pamenepo ndi pamene Aphunzitsi analankhula koyamba, ndi mawu otsika omwe ankaphunzitsira ana.

"Nkhondo yotsatira ija, imene anafa anthu ochuluka kuposa apo, mbali zonse ziwiri anatsogolera ndi amuna. Sindinamvepo wina akunena kuti tsono amuna asiye utsogoleri."

Wabutchala anaseka mpaka kabenchi kanalira. Kuseri kwa katani kunamveka kutsokomola kwa anthu obisa kuseka. A Telala anamva kutentha kukukwera kuchokera m'khosi mpaka m'makutu. Kusekedwa ndi mlamu anakuzolowera, koma kusekedwa ndi katani yosoka okha kunawapweteka.

"Mverani bwino," anatero, chala chili m'mwamba. "Pa nkhani ya malamulo a Mulungu, mawu a mkazi kwa ine ndi mphepo. Sangamange mwamuna, sangamasule mwamuna. Alembi, lembani zimenezo m'buku la komiti, ndipo pansi pake muike dzina langa."

"Bambo, pamenepo mwapitirira," anatero Ustazi. "Palibe wophunzira amene..."

"Dikirani. Ndikuonetseni mmene mutu wa mwamuna umagwirira ntchito."

Anatuluka, nsapato atangoziponda kumbuyo, n'kudumpha msewu kupita kushopu kwawo.

Tsono ndikuuzeni za bokosi lija. Pakhomo pa mzikiti panali bokosi lathabwa lokhala ndi kabowo pamwamba. Munthu akakhala ndi funso lochititsa manyazi, ankalilemba osaika dzina, n'kujambula kachizindikiro kake pakona, kaya nsomba, kaya kiyi. Lachisanu ankapeza envelopu ya chizindikiro chomwecho pa shelefu ya nsapato, m'kati muli yankho lolembedwa bwino ndi chidindo cha Shehe. Zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, a Telala anaponyamo pepala lojambulidwa sizasi, ngati kuti mumzikitimo munali atelala khumi. Anali atakangana ndi akazi awo chifukwa cha diresi la mkwatibwi wina limene mayiwo analiwotcha posita, ukwati uli mawa lake. Mumkwiyo umenewo a Telala anatchula mawu osudzula, talaka, katatu mpweya umodzi. Mayi anatenga chikwama n'kupita kwa mchimwene wawo. Ndipo aliyense ankadziwa kuti talaka zikakwana zitatu, mwamuna sangangopita kukatenga mkazi wake. A Telala anatha sabata osakhudza makina. Kenako linabwera yankho, banja linabwerera, ndipo chaka chotsatira kunabadwa mapasa. Pepalalo analisunga kuseri kwa galasi lalikulu la m'shopu, ndipo mtima ukawavuta ankalitulutsa n'kuliwerenga.

Anabwerera m'kalasi akupuma movutikira, pepala lili m'manja, kona ya sizasi ataipinda.

"Ili ndi yankho limene Shehe analembera mnzanga wina. Mvetserani." Anavala magalasi awo osokera. "'M'bale wanga, wachita chinthu choipa, ndipo usachichepetse. Mawu amene anayenera kutuluka kamodzikamodzi, munthu ataganiza, iwe wawakhuthula onse pansi nthawi imodzi. Akatswiri ambiri angakuuze kuti banja lako latha. Koma alipo ena, akale ndithu, amene anati zitatu zotchulidwa mpweya umodzi zimawerengedwa ngati imodzi, ndipo ine ndaona kuti umboni wawo ndi wolemera.'"

Wabutchala anali atasiya kuseka. Iye ankamudziwa mnzake ameneyo.

"Mwakumva kudekha kumeneko?" anatero a Telala. "Kulemera kumeneko? Mkazi akanayamba ndi misozi n'kumaliza ndi kukondera mkazi mnzake. Ine ndikulumbira pamaso pa Mulungu amene anandilenga kuti dzanja la mkazi..."

"Musalumbire, bambo."

Anali Aphunzitsi. Katani inagwedezeka pang'ono, ngati munthu waima pafupi nayo.

"Musamalize lumbiro limenelo, lingakupsetseni. Mzere wotsatirawo ukuti, 'Pita ukamutenge nthawi yake yodikira isanathe, upite ndi mboni ziwiri, ndipo ukayambe wapepesa usanatchule lamulo lililonse.' Kuyambira pa mawu akuti mboni, inki ndi yakuda. Cholembera chabuluu chinandithera."

A Telala anayang'ana pepala. Analiwerenga kambirimbiri zaka zonsezi, ndipo ankadziwa kuti inki inasintha pakati. Sanaganizepo kanthu. Tsopano maso awo anakaima pa mawu akuti mboni, akuda bii, ndipo sanathe kuwachotsapo. Alembi anasiya cholembera chikugubuduka mpaka pansi. Palibe anachitola.

"Subhanallah," wina ananong'ona, kutamanda Mulungu modabwa.

"Bambo anga maso anayamba kuwavuta zaka khumi ndi chimodzi zapitazo," anatero Aphunzitsi. "Sankafuna kuti anthu adziwe. Ndinkawawerengera mafunso, ndinkatsegula mabuku, ndinkalemba. Iwo ankamvetsera n'kudinda."

"Zonse?" anafunsa bambo wina wa kumbuyo. "Ngakhale za... ngakhale zija za amuna okhaokha?"

"Zonse. Ndipo sindinauzepo munthu chilichonse, ngakhale pilo wanga."

Azibambo anayamba kuyang'ana makoma, denga, zala zawo, chilichonse kupatula nkhope ya mnzawo. Aliyense anali ndi nsomba yake kapena kiyi wake. A Telala anapeza kanthambi kogwira.

"Ndiye mwangolemba basi," anatero. "Dzanja ndi lanu, koma mutu ndi wa Shehe."

Ustazi anatembenukira ku katani.

"Chemwali," anatero Ustazi mofatsa, "pa yankho limeneli, chigamulo chinali cha ndani? Yankhani moona."

"Pa limeneli bambo ankati zitatu ndi zitatu, banja latha. Tinakangana masiku anayi, ine ndikuwawerengera zimene akale ananena mbali zonse ziwiri. Tsiku lachisanu anavula chidindo m'khosi n'kundipatsa. Anati, 'Sindikutha kukugonjetsa, koma mtima wanga sunakhazikike. Dinda wekha, ndiwe wagamula.' Ndinadinda ndekha. Mnzanuyo, bambo, sindimutchula, ndipo sindidzamutchula."

Palibe anatseka msonkhano. Anthu anangoyamba kutuluka mmodzimmodzi, osapatsana moni. Wabutchala anafuna kugwira mlamu wake paphewa, koma dzanja linaima m'malere n'kubwerera m'thumba.

A Telala anayenda kupita kunyumba ngati munthu woti wangodzuka pa matenda. Munthu wina anawafunsa za thalauza lake panjira, iwo osamumva. M'mutu mwawo munkazungulira chinthu chimodzi. Ngati mawu a mkazi ndi mphepo, ndiye kuti zitatu zija zinali zitatu. Ngati zinali zitatu, mayi amene akhala naye zaka zisanu ndi ziwiri si mkazi wawo. Nanga mapasa? Pamenepo maganizo ankaima, n'kuyambiranso poyamba.

Anafika pakhomo, chitseko chili chotsegula. Akazi awo anali atafika kale podzera njira yachidule. Anali atavula mpango, tsitsi lili poyera, akupinda mayunifolomu a mapasa patebulo. Anawo anali kuseri kwa nyumba akumenya mpira pakhoma.

"Lowanitu, bambo a mapasa. Mwaima ngati wogulitsa matsache bwanji?"

"Munamva zimene ananena mayi uja?"

"Ndinali naye benchi limodzi. Ndinamvanso zimene munanena inu."

"Simukudabwa?"

"Ndidabwe chiyani?"

A Telala anagwira felemu la chitseko. "Munkadziwa?"

"Ndi mkazi uti sankadziwa? Timakhala naye kuseri kwa katani, timaona inki m'zala zake Lachisanu lililonse. Inu munkaganiza kuti Shehe wosaona ankalemba ndi chiyani, ndi mphuno?"

"Shehe ankawerenga buku pamaso pathu!"

"Ankaligwira chozondoka, bambo. Ife tinkaonera pa mpata wa katani. Inu a mzere woyamba munkati ndi kuzama kwa maphunziro."

"Zaka zonsezi, inu osandiuza?"

"Mukanatani ndikanakuuzani? Mukanachita zomwe mukuchita panozi, kuima pakhomo pa nyumba yanu ngati mlendo." Anaika yunifolomu pansi. "Ine nditakhala kwa achimwene, ndinapita kwa iye ndikulira. Ndinamupeza ali pansi, mabuku atamuzungulira, maso ali psuu. Sanandilonjeze kanthu. Anati, 'Chemwali, ndikapeza kuti latha ndikuuza kuti latha, ndipo tilirira limodzi.' Ndiye inu lero mukuti anakondera mkazi mnzake."

A Telala anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka sichimene anafuna kunena.

"Sindikudziwa ngati ndili wololedwa kulowa."

Mayi a mapasa anawayang'ana nthawi yaitali. Sanalire, sanakuwe. Anatenga mpango wawo pa msomali, n'kuufunda bwinobwino, kubisa tsitsi lonse ndi khosi lomwe, monga mmene ankachitira kukabwera mwamuna wachilendo.

Chinthu chimenecho chinawalasa a Telala kuposa inki yakuda ija.

"Mukutani?"

"Ndikutsatira mawu anu. Mwati mawu a Aphunzitsi sangamasule mwamuna. Ndiye kuti inu simunamasuke, ndipo tsitsi langali simuyenera kuliona. Mukaganiza bwino mudzandiuze. Ngati ndi mphepo, uzani achimwene adzanditenge, njira ndikuidziwa kale. Koma anawa mudzawauze nokha kuti iwo ndi ndani."

Mmodzi wa mapasa anasuzumira pakona. "Ababa, mwabwera ndi chiyani?"

"Ababa ali ndi ntchito yambiri kushopu," anatero mayi ake. "Pita ukasewere."

A Telala anakhala kushopu masiku asanu ndi limodzi, akugona patebulo lodulira nsalu, mpukutu wa nsalu ya makatani uli pilo. Chakudya chinkabwera ndi Wabutchala, amene kwa nthawi yoyamba m'moyo wake analibe nthabwala. Ankangoika mbale pa makina n'kunena kuti, "Achemwali akuti mudye, alamu." Pa mawu akuti alamu ankakhala ngati wapunthwa.

Lachiwiri m'mawa a Telala anaitanitsa Ustazi. Anatseka chitseko, n'kutembenuza kapepala ka pazenera kuti kaonetse kuti shopu yatsekedwa.

"Mnzanga uja ndi ine," anatero.

"Ndinaona sizasi, bambo. Simunapinde bwino."

"Ndiye ndithandizeni. Banja langa lilipo kapena palibe?"

Ustazi anakhala pa mpando wa makasitomala. Nkhope yake inkaoneka ya munthu amene nayenso sakugona bwino.

"Kumene ndinaphunzira anandiphunzitsa kuti zitatu ndi zitatu. Koma maganizo enawo si opeka, ndi akale, ndipo alipo akatswiri aakulu amene anawatsata. Inu munafunsa moona mtima, munayankhidwa ndi munthu wodziwa, munatsatira. Ine sindingaphwasule nyumba imeneyo. Chigamulo chimayesedwa ndi umboni wake ndi kudziwa kwa wochipereka. Sitifunsa ngati ali ndi ndevu."

A Telala anapuma kwambiri. Kenako anakoka kabati, n'kutulutsa pepala loyera ndi cholembera.

"Ndiye lembani zomwezo ndi dzanja lanu. Mawu omwewo, musasinthe. Musaine inu."

Ustazi anayang'ana pepalalo, n'kuseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Mukufuna ndikopere ntchito ya mayi uja ngati mwana waulesi m'kalasi, kuti inu mulowe m'nyumba mawu anu aja akadali m'buku la komiti? Ayi, bambo. Ndipo ndikuuzeni chinthu. Ndili kunja kuja ndinkalembera Shehe makalata ndikakanika phunziro. Mayankho ake ndinkawaonetsa aphunzitsi anga, iwo n'kumati kwanu kuli munthu. Loweruka lija nditafika kunyumba ndinawatulutsa onse. Dzanja lake ndi lomweli." Analoza pepala lakale limene linali pa makina. "Mukandipatsa ine kuti ndilembe, mukhala mwafunsa wophunzira wake."

"Ndiye inu mukuvomera kuti akhale mkulu?"

"Za utsogoleri wa dziko, za kutsogolera amuna pa swala, ndikadali ndi mafunso anga, ndipo ndidzakangana naye yekha. Koma madrasa ndi bokosi? Akhala akuzinyamula zaka khumi ndi chimodzi. Ife timangokana kumupatsa mpando wokhalira."

"Ndikaime pamaso pa anthu ndinene chiyani? Kuti wapampando ndi chitsiru?"

Ustazi anaimirira n'kukonza mkanjo wake.

"Pali nkhani imodzi imene sitinaikambe Loweruka. Pa ulendo wina, Mtumiki atagwirizana ndi adani ake pangano limene anthu ake sanalikonde, anawalamula kuti azinge ziweto zawo ndi kumeta. Palibe anadzuka. Analowa muhema ali wokhumudwa, ndipo mkazi wake, Bibi Umm Salama, anamuuza kuti atuluke, asalankhule ndi aliyense, angochita yekha chimene walamulacho. Anatero, ndipo anthu atamuona anadzuka onse. Malangizo amenewo anali a mkazi, bambo. Kaya kwa inu ndi mphepo, mudziwa nokha."

Loweruka lotsatira m'kalasi munadzaza kuposa kale. Ena anaima m'mazenera. Panali azibambo amene anabwera atakwiya zenizeni, akuti anapusitsidwa, zinsinsi zawo zinawerengedwa ndi mkazi, bokosi liwotchedwe. Mmodzi anati Shehe anawachimwira. Wina anamufunsa ngati yankho limene analandira linali lolakwika, ndipo bamboyo anangokhala pansi.

A Telala anafika mochedwa, malaya ali makwinyamakwinya, ndevu zosapesa. Onse anadikira kuti amenye desiki. Iwo anapita kwa alembi n'kutambasula dzanja. Alembi anawapatsa buku la komiti. Anatsegula tsamba la sabata yatha, anapeza mawu awo aja ndi dzina lawo pansi pake, n'kutulutsa sizasi m'thumba. Anadula kachigawo kameneko mowongoka bwino, monga amadulira kolala, n'kukaika m'thumba la malaya. Kenako anatenga kiyi wa bokosi la mafunso, amene ankasungidwa ndi wapampando chidwalireni Shehe. Anayenda mpaka pa katani, anagwada, n'kumukankhira kunsi kwake.

Kiyi anakhala pansi kanthawi, theka kuno theka uko. Kenako zala zinatuluka n'kumutenga. Aliyense wa mzere woyamba anaona inki pa chala chapakati.

"Alamu," anatero Wabutchala, mawu atabwerera m'malo mwake, "osanenako kanthu? Inu amene simutha mphindi osalankhula?"

A Telala anangokweza dzanja m'mwamba n'kuliimika pomwepo. Wabutchala anakweza lake. Ustazi anakweza. Ena anatsatira mozengereza, akuyang'ana pansi. Anayi anatuluka akung'ung'udza, ndipo awiri mwa iwo sanabwererenso mumzikiti umenewo. Alembi anawerenga manja ovomera Aphunzitsi n'kulemba pa tsamba lobooka lija.

Dzuwa likadali pamwamba, a Telala anaima pakhomo pa nyumba yawo. Chitseko chinali chotseka. Anagogoda, chinthu chimene anali asanachitepo pa chitseko chimenecho. Mayi a mapasa anatsegula pang'ono, mpango uli kumutu, ngakhale kuti anali m'kalasi muja ndipo anaona zonse.

"Tikuthandizeni, bambo? Mukufuna ndani?"

"Ndikufuna akazi anga."

"Akazi anu? Wanena ndani kuti muli ndi mkazi muno?"

A Telala anayang'ana m'nyumba. Kumbuyo kwa mayiwo mapasa anali atasuzumira, wina pamwamba pa mnzake.

"Anena Aphunzitsi."

"Sindinamve. Kunja kuno kuli mphepo."

"Ndati anena Aphunzitsi!" Anakuwa mpaka mayi woyandikana nawo nyumba anatulutsa mutu pazenera.

Mayi a mapasa anatsegula chitseko chonse. Anamasula mpango pang'onopang'ono, n'kuupachika pa msomali wake.

"Vulani nsapato, ndakolopa. Ndipo mukasambe kaye, mukununkha mafuta a makina."

Apa ndi pamene wokonza maambulera uja anathera, mvula nayo itayamba kukata. Ndinamufunsa ngati naye anaponyapo pepala m'bokosimo. Anati ulusi wamuthera, n'kuyamba kufufuza m'chikwama chake nthawi yaitali.

Zambiri mwa zimenezi ndimazikhulupirira. Anthu ngati a Telala ndakumana nawo m'matauni ambiri, ndipo ndi a zipembedzo zonse. Chimene ndimakayika ndi chimodzi. Sindikhulupirira kuti azibambo odzaza mzikiti, kuphatikizapo telala amene amalowetsa ulusi pa singano kamodzi kokha, anakhala zaka khumi ndi chimodzi pamaso pa nkhalamba yogwira buku chozondoka, osaona kanthu. Ine ndikuganiza kuti ankaona.